Mvula ya ku Kasungu: kumene imachokera ndi chifukwa chake imadula pakati

Mukafuna kuyambitsa mkangano wosatha, pitani ku Chinkhoma nyengo yogulitsa fodya, mukakhale pamene alimi akudikira mabelo awo, ndipo mufunse funso limodzi lokha: kodi mvula inagwa bwanji chaka chino? Wa ku Chamama adzati inali yabwino, mwinanso inachita kunyanya mu Januwale. Wa ku Santhe adzapukusa mutu n'kunena kuti kwawo inadula masabata atatu chimanga chili pomasula ngayaye. Wa kwa Chulu adzati iye anabzala kawiri. Onsewa ndi a boma limodzi, ndipo palibe amene akunama. Chodabwitsa n'chakuti mutawonkhetsa madzi onse amene anagwa m'madera atatuwa kuyambira Novembala mpaka Epulo, mukhoza kupeza kuti sakusiyana kwenikweni.

Apa ndi pamene pagona nkhani ya nyengo ya kwathu kuno. Kasungu amalandira mamilimita a m'ma 800 pachaka, Mchinji amaposerapo mpaka kuyandikira 1,000. Chimanga chimafuna mamilimita 500 mpaka 800, malinga ndi mtundu wa mbewu. Poona ziwerengero zokha, sitiyenera kugona ndi njala. Koma chimanga sichidya chiwerengero cha pachaka. Chimamwa madzi a sabata ino, ndipo akasowa pa sabata yolakwika, mvula yonse yobwera pambuyo imangothirira mapesi.

Mawu akuti milimita asatiopse. Azanyengo akati kwagwa milimita imodzi, akutanthauza kuti pamalo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi pagwa lita imodzi ya madzi. Pa ekala ndiye kuti pagwa malita oposa 4,000, kapena kuti migolo 20 ya malita 200. Mvula ya mamilimita 25, yonyowetsa nthaka moti munthu n'kutulutsa mbewu m'nyumba, ndi migolo 500 pa ekala imodzi. Amene anathirirapo nazale ya fodya ndi keni akudziwa kuti palibe mkono umene ungapikisane ndi mtambo. Vuto n'lakuti madzi onsewa amabwera mothithikana. Nthambi ya boma yoona za nyengo imati magawo 95 mwa 100 a mvula ya dziko lino amagwa pakati pa Novembala ndi Epulo, ndipo kuno tingonena zoona kuti mvula yodalirika ndi ya Disembala, Januwale, Febuluwale ndi Malichi. Miyezi yotsalayo kumwamba kumakhala kuli mbee.

Chimayendetsa zonsezi ndi dzuwa. Kasungu ali pa madigiri 13 kummwera kwa ikweta, mzere umene umagawa dziko lapansi pakati. Popeza dziko limazungulira dzuwa litapendekeka, kwa ife dzuwalo limaoneka ngati likuyenda. Mu Juni limakhala chakumpoto, n'chifukwa chake mthunzi wa nyumba masana umagwera kummwera. Kenako limabwerera, limadutsa paliwombo pathu penipeni chakumapeto kwa Okutobala, limapitirira kummwera mpaka Disembala, n'kudzatidutsanso pakati pa Febuluwale pobwerera kumpoto. Mudzayese kuima pabwalo masana enieni kumapeto kwa Okutobala, mudzaona chithunzithunzi chanu chitabisala kumapazi.

Pamene dzuwa lawomba kwambiri, nthaka imatentha ndipo mpweya wa pamwamba pake umapepuka n'kukwera ngati utsi wa pamoto. Pamalo pamene wachokapo pamathamangira mphepo zochokera mbali zina. Mphepozi zikakumana zilibe kolowera koma kumwamba, ndipo mpweya wonyowa ukakwera umazizira, chinyezi chake n'kusanduka mitambo. Malo okumanirana mphepowa ali ngati lamba wamkulu wozinga dziko lonse lapansi, ndipo azanyengo amamutchula mwachidule kuti ITCZ. Lambayu amatsata dzuwa, koma amayenda motsalira ndi mwezi umodzi kapena iwiri, monga mwana amene akulondola mayi ake kuchigayo. N'chifukwa chake Okutobala, mwezi umene dzuwa lili paliwombo, ndi wotentha koposa koma wouma. Mvula yeniyeni imafika dzuwa litadutsa kale.

Kutentha kwa Okutobala timakudandaula tonse, koma tili ndi mwayi umene sitiudziwa. Chidikha cha Kasungu, Mchinji ndi Lilongwe chili pamtunda wopitirira mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 alionse amene munthu wakwera. Tsiku limene ife tikupukuta thukuta pa madigiri 31, ku Ngabu ndi ku Nsanje, kumene nthaka ili pa mamita pafupifupi 100 kapena kucheperapo, kumakhala kutadutsa 40. Nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 475, ndiye chifukwa chake amene watsika ku Nkhotakota kapena ku Salima amagona osafunda. Tauni ya Dedza ili pa mamita a m'ma 1,600, Nyika imapitirira 2,500, ndipo nsonga ya Sapitwa pa phiri la Mulanje ili pa 3,002. Dziko lathu n'laling'ono m'lifupi, koma kukwera ndi kutsika kwakeku kumachititsa kuti pa ulendo wa basi wa tsiku limodzi munthu avale ndi kuvula jekete kangapo.

Mwezi womwewu ndi umene tchire limayamba kulankhula. Mitengo ya m'nkhalango ya Kasungu imaphuka tsamba lofiira mvula isanagwe n'dontho lomwe, nyenje zimalira mpaka m'makutu kuwawa, kamvuluvulu amanyamula fumbi ndi mapesi m'minda yososedwa, masuku amayamba kupsa. Ndiye tsiku lina madzulo kumadera, mabingu n'kugunda, mvula n'kugwa. Makolo anaipatsa dzina mvula imeneyi: chizimalupsa. Ntchito yake ili m'dzina momwemo, kuzima lupsa ndi kutsitsa fumbi. Imabwera chifukwa cha kutentha kwa pamalo pomwepo, lamba uja asanafike, ndipo pambuyo pake pakhoza kudutsa masabata awiri kapena atatu opanda kanthu. Chaka chilichonse pamakhala wina amene mtima umamugunda n'kukhutulira mbewu yogula pamtengo wokwera m'nthaka yonyowa pamwamba pokha. Mbewu imamera, dzuwa limaiwotcha, ndipo munthu amabwereranso kusitolo. Ndi uja wa kwa Chulu amene anabzala kawiri.

Lamba akafika, kawirikawiri kumapeto kwa Novembala kapena m'kati mwa Disembala, pamwamba pathu pamakumana mphepo zitatu. Ina imachokera kummwera chakum'mawa, ku nyanja yamchere ya Indian, kudzera ku Mozambique. Ina imatsika kuchokera kumpoto chakum'mawa, kudzera ku Tanzania. Yachitatu ndi imene mlimi wa kuno ayenera kuidziwa bwino: mphepo ya ku Congo. Imayambira ku nyanja ya Atlantic, imadutsa pamwamba pa nkhalango zazikulu za ku Congo kumene imamwa chinyezi chochuluka, n'kudzatipeza kuchokera kumpoto chakumadzulo, kudzera ku Zambia. Akuluakulu akamati mvula yochokera ku Chipata kapena ku Lundazi sinama, akunena za mphepo imeneyi ngakhale sanaitchule dzina.

Malo amene Kasungu anakhala amamumana pang'ono. Mpweya wonyowa wochokera kunyanja umayamba wakwera zitunda za Nkhotakota, Ntchisi ndi Viphya, ndipo madzi ake ambiri umawasiya komweko. Nkhotakota imalandira mamilimita opitirira 1,400 pachaka, pamene ife amene tili kuseri kwa zitundazo, mtunda wa maola ochepa pagalimoto, timalandira zotsala. N'chimodzimodzi ndi chigwa cha Rumphi kapena chigwa cha Shire, madera amene ali kuseri kwa mapiri. Kumene mphepo imagunda phiri maso ndi maso, monga ku Mulanje ndi ku Nkhata Bay, malo ena amapitirira mamilimita 2,000, n'chifukwa chake tiyi ndi mphira zili kumeneko, ife tili ndi fodya ndi mtedza. Mchinji amapindulako ndi mapiri ake, amene amakweza mpweya n'kuufinya, ndipo mtsinje wa Bua umayambira kumeneko.

Nanga bwanji mvula imadumpha munda? Mvula yambiri ya kuno ndi ya mabingu, yobadwa masana. M'mawa kumacha bwino, dzuwa limatenthetsa nthaka, mitambo imayamba kuunjikana ngati thonje, ndipo pofika 2 kapena 3 koloko umodzi wakula mpaka kuda pansi. Mtambo wotere m'lifupi mwake ndi makilomita ochepa chabe, ndipo moyo wake sufika patali kupitirira ola limodzi. Umakhuthula pamene wafika n'kutha. Mudzi uwu mizere yadzaza madzi, mudzi wa patsidya fumbi lili kobo. Mawa mtambo wina udzabadwira pena. Pa nyengo yonse zimafanana pang'onopang'ono, koma pa masabata awiri zikhoza kusiyana kwambiri.

Ndikukhalitsa pamfundoyi chifukwa cha zimene zimachitika m'midzi mvula ikadumpha kangapo. Anthu amayamba kuyang'anana. Wina amati oumba njerwa aimanga kuti njerwa zawo ziume, wina amaloza agogo a kumapeto kwa mudzi. Pali okalamba amene anagwetseredwa nyumba ndi kumenyedwa pa mlandu wa mtambo umene unangotha mphamvu usanafike. Ngati munthu angamange mvula ndi mankhwala a m'nsupa, bwanji samanga ya pa Nkhata Bay?

Pali mtundu wina wa mvula, umene sudumpha aliyense. Mphepo ya ku Congo ikakhazikika, kumagwa mvumbi: kumwamba kuli bii, mvula yosaleka masiku atatu, anayi, nkhuni zanyowa, zovala sizikuuma, bowa ali mbwee kutchire. Mvula yotereyi ndi imene imadzaza madambo ndi zitsime, koma ikapitirira imakhala mdani. Imatsuka feteleza kumutsitsa pansi pamene mizu sifika, chimanga chimachita chikasu, udzu umakula munthu osapeza tsiku lopalira. Paja akuluakulu anati walira mvula walira matope. Anthu ambiri akamakumbukira njala ya 2002, imene inapweteka Kasungu koposa maboma ambiri, amaganiza kuti kunali chilala. Ayi ndithu. Nyengo ya 2000 mpaka 2001 mvula inachuluka, minda inamira, zokolola zinatsika, ndipo chimanga cha m'nkhokwe za boma chinali chitagulitsidwa. Pofika Febuluwale 2002, pamene pulezidenti Bakili Muluzi analengeza kuti dziko lili pa ngozi, anthu anali akudya gaga ndi mizu ya nthochi.

Komabe chimene mlimi wa kuno amaopa kwambiri ndi ng'amba, kudula kwa mvula pakati pa dzinja. Lamba uja sakhala malo amodzi ngati wakhomedwa ndi msomali. Amagwedezeka. Sabata ino ali pa ife, sabata yamawa watsetserekera kummwera ku Zimbabwe ndi pakati pa Mozambique, kapena wabwerera kumpoto ku Tanzania. Akachoka, mpweya wouma umatsika kuchokera kumwamba, mitambo imalephera kukula, ndipo dzuwa la Febuluwale, limene paja lili paliwombo kachiwiri, limawomba pa chimanga popanda chotchinga. Masiku asanu kapena asanu ndi awiri ndi chinthu cha chaka chilichonse, ndipo amathandiza kupalira ndi kubandira. Akafika khumi ndi anayi, makumi awiri, nkhani yasintha.

Zinthu ziwiri zimakulitsa vutoli kwa ife. Choyamba ndi dothi. Mbali yaikulu ya Kasungu ndi ya dothi la mchenga, lofewa polima ndiponso lokondedwa ndi fodya ndi mtedza, koma losasunga madzi. Pa katondo chimanga chikhoza kupirira masiku ena angapo, pa mchenga masamba amayamba kupota ngati anyezi pakangotha sabata. Chachiwiri ndi nthawi. Chimanga chobzalidwa pakati pa Disembala chimamasula ngayaye ndi kutulutsa ndevu patatha miyezi iwiri kapena kuposerapo pang'ono, ndiye kuti m'kati mwa Febuluwale, mwezi womwewo umene ng'amba imakonda. Pa nthawi imeneyi mbewu ikasowa madzi, ufa wa ku ngayaye umauma ndevu zisanatuluke, ndipo chitsononkho chimabwera ndi maso apatalipatali kapena opanda n'limodzi lomwe. Mvula ya Malichi singabwezenso zimenezo. Ng'amba yomweyo ikanabwera chimanga chili m'mawondo, chikanafota n'kudzuka. Pamwamba pa izi pali mbozi zija zinalowa m'dziko muno m'nyengo ya 2016 mpaka 2017, zimene zimaswana bwino kukatentha ndi kuuma.

N'chifukwa chake kusankha pakati pa mbewu yocha msanga ngati Kanyani ndi yochedwa ngati Njovu sikungokhala nkhani ya matumba angati pa ekala. Ndi kubetcha pa sabata imene chimanga chidzamasule. Amene amagawa munda, mbali ina yocha msanga mbali ina yochedwa, sakhala kuti ndi wosakhazikika maganizo. Ngonyeka m'mizere, kuphimbira ndi mapesi, manyowa, zonsezi ntchito yake ndi imodzi: kugulira mbewu masiku atatu kapena asanu owonjezera pa mchenga, ndipo nthawi zina masiku amenewo ndi amene amasiyanitsa nkhokwe yodzaza ndi yopanda kanthu.

Chimodzi mwa zinthu zimene zimasuntha lamba ndi anamondwe a pa nyanja ya Indian. Amabadwa pamene madzi a m'nyanja afunda kupitirira madigiri 26, makamaka kuyambira Januwale mpaka Malichi, ndipo ena amalowa m'mpata wa pakati pa Madagascar ndi Mozambique. Kummwera kwa dziko lino amawadziwa ndi maliro: Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022 amene anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndi Freddy mu Malichi 2023, amene anakhala ndi moyo masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa, n'kugumula phiri la Soche pa anthu a ku Chilobwe. Kuno namondwe safika ndi ukali wotero, chifukwa mphamvu zake zimatha akatalikirana ndi nyanja. Koma amatikhudza mwakachetechete. Akakhala kummwera kwathu, kuzungulira kwake kumakoka mphepo ya ku Congo kudutsa pamwamba pathu, ndiye kumagwa mvumbi. Akakhala patali chakum'mawa, akhoza kukokera chinyezi chonse kwa iye n'kutisiya pa dzuwa. Zimatheka kuti pa wailesi akulengeza za madzi osefukira ku Chikwawa tsiku lomwelo limene fodya wa ku Mtunthama akufota.

Chinanso chili kutali kwambiri, ku nyanja ya Pacific, kufupi ndi dziko la Peru. Pakapita zaka ziwiri mpaka zisanu ndi ziwiri, madzi a kumeneko amafunda kuposa masiku onse, ndipo kayendedwe ka mphepo pa dziko lonse kamasokonekera. Ndiye El Niño ameneyo. Madziwo akazizira kupitirira muyeso amatchedwa La Niña. M'chaka cha El Niño maiko a kummwera kwa Africa, monga Zimbabwe, kummwera kwa Zambia ndi kummwera kwa Malawi, amakonda kuuma, pamene Tanzania ndi Kenya amalandira mvula yochuluka. Malire a mbali ziwirizi amadutsa m'dziko lathu lomwe lino, ndipo sakhala pamalo amodzi chaka ndi chaka. Kasungu ali pafupi ndi malirewo. Nkhamenya akhoza kugwera mbali ya Mzimba ndi kumpoto, Santhe n'kugwera mbali ya Lilongwe. Tikamva kuti chaka chino kuli El Niño, kwa munthu wa ku Balaka uthengawo ndi womveka, koma kwa ife umatanthauza kuti chiopsezo cha ng'amba chakwera, osati kuti mlandu wagamulidwa.

Zaka zimene El Niño anatiluma zimadziwika. Chilala cha 1992 akuluakulu amachikumbukira ndi chimanga chachikasu cha thandizo. Mu Epulo 2016 pulezidenti Peter Mutharika analengeza za ngozi, ndipo anthu oposa 6 miliyoni anafunika chakudya. Pa 23 Malichi 2024 pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza chimodzimodzi m'maboma 23 mwa 28. Chaka cha 2024 chimenecho chinaonetsa bwino kuima pamalire kwathu. Febuluwale anauma m'madera ambiri a pakati ndi kummwera, koma kumapeto kwa mwezi womwewo mtsinje wa Dwangwa, umene umayambira m'nkhalango ya Kasungu, unasefukira n'kusamutsa anthu zikwizikwi ku Nkhotakota. Miyezi yotsatira nyanja inakwera mpaka kulowa m'nyumba za m'mphepete mwake, chifukwa kumpoto ndi ku Tanzania mvula inali itagwa yambiri. Chilala ndi madzi osefukira, chaka chimodzi, dziko limodzi.

Dzuwa likabwerera kumpoto, lamba amalitsatira. Mvula imayamba kutha kummwera, kuno imatsazika kumapeto kwa Malichi kapena kumayambiriro kwa Epulo, koma ku Nkhata Bay ndi ku Karonga imapitirira mpaka Meyi. Apa mlimi amatembenuka mtima. Amene ankalira mvula mu Febuluwale tsopano akupempha dzuwa, chifukwa mvula yochedwa imaoletsa fodya m'zigafa, imameretsa soya ali m'munda, ndipo imabweretsa chuku pa mtedza, chimene chimatsekera alimi a ku Mchinji misika yabwino. Koma fodya wa bale amafunanso kachinyezi ka m'mawa kuti tsamba lifewe posankha ndi podinda. Kukauma kwambiri limangofumbutuka m'manja.

Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mphepo imakhala ya mbali imodzi, yochokera kummwera chakum'mawa. Pa nyanja imatchedwa mwera, ndipo ikakalipa asodzi sapita pamadzi, usipa n'kukwera mtengo pa msika wa Kasungu. Ku Thyolo, Mulanje ndi Blantyre mphepo yomweyi imabwera ndi nkhungu ndi mawawa a masiku angapo, chiperoni, dzina lochokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique. Pofika kuno imakhala itauma. Timangoona mitambo yotuwa ndi kamphepo kolowa m'mafupa, kawirikawiri popanda dontho.

Kuzizira kwathu kwenikweni n'kwa usiku wopanda mitambo. Mitambo ili ngati bulangete. Ikachoka, kutentha kumene nthaka inasunga masana kumathawira kumwamba, ndipo m'bandakucha wa Juni ndi Julayi kutentha kumatsika pansi pa madigiri 10. Mpweya wozizira ndi wolemera, umayenderera kutsika ngati madzi n'kukaunjikana m'madambo. Ndiye chifukwa chake woyenda panjinga m'mamawa amamva ngati walowa m'madzi akangotsikira pa mlatho wa Bua kapena wa Rusa, ndipo chaka china chisanu chimawauliratu tomato ndi nyemba za m'dimba la pansi penipeni, la kumtunda pang'ono osakhudzidwa. Madambo omwewa ndi nkhokwe yathu ya madzi. Amamwa mvula ya dzinja n'kumaitulutsa pang'onopang'ono chilimwe chonse. Dimba la mu Seputembala limathiriridwa ndi mvumbi wa mu Januwale.

Tsono kodi nyengo yasintha? Pa kutentha palibe mkangano: kuyambira 1960 mpaka 2006 dziko lino linatentherako ndi pafupifupi digiri imodzi, ndipo masiku ndi usiku wotentha zachuluka. Digiri imodzi imaoneka yochepa, koma imatanthauza kuti nthaka ikuuma msanga, ndiye ng'amba ya masiku khumi lero ikupweteka kuposa ya masiku khumi kale. Pa kuchuluka kwa mvula ya pachaka, zolembedwa sizionetsa kutsika koonekeratu, chifukwa zaka zimasiyana kwambiri mwachibadwa. Zimene alimi amadandaula ndi kagwedwe: kuyamba mochedwa, kudula pakati, kugwa yambiri tsiku limodzi. Ndimawakhulupirira, ngakhale ndimakayika ndikamva kuti kale mvula inkabwera tsiku lodziwika mu Okutobala osaphonya. Kukanakhala kotero, makolo sakanamanga kachisi ku Msinja n'kumapita kwa Makewana kukapempha mvula, ndipo sikukanakhala njala ya 1949.

Za mitengo nazonso tizinene moyenera. Si zoona kuti kudula mitengo ya pa Kasungu kungaletse mphepo ya ku Congo kufika, chifukwa mphepoyo ndi yaikulu kuposa boma lathu. Koma nkhalango zimene zinagwa potsegula maesiteti, pochiza fodya, pootcha makala ndi njerwa zinali ndi ntchito ina. Zinkagwira dontho kuti lilowe pansi. Pa nthaka yambulanda mvula ya mamilimita 50 imathamanga tsiku lomwelo kukalowa mu Bua itanyamula dothi la pamwamba, ndipo mitsinje imene inkayenda chaka chonse ikuphwa pofika Ogasiti. Mvula ikhoza kugwa yofanana ndi ya kale, koma yotsala m'munda n'kukhala yochepa.

Chaka chilichonse, chakumapeto kwa Seputembala kapena mu Okutobala, akatswiri a zanyengo a m'maiko a SADC akatha kukumana, nthambi yathu imatulutsa ulosi wa dzinja lonse. Mawu amene timamva pa wailesi ndi akuti mvula idzakhala ya mlingo wokhazikika kapena kuposerapo, apo ayi ya mlingo wokhazikika kapena kucheperapo. Mlingo wokhazikikawo ndi wapakatikati wa zaka 30 wa dera lanu, osati wa dziko lonse, choncho wa ku Kasungu si wa ku Nkhotakota. Ulosiwo umanena za miyezi itatu pamodzi, Okutobala mpaka Disembala, kenako Januwale mpaka Malichi, ndipo umanena chimene chili ndi mwayi waukulu, osati chimene chidzachitike ndithu. Miyezi itatu ikhoza kukwana mlingo wake bwinobwino koma m'kati mwake muli masabata atatu ouma pa nthawi ya ngayaye. Wa ku Santhe uja akamati azanyengo ananama, kawirikawiri sananame. Anayankha funso lina, losiyana ndi limene iye anali nalo. Zoyandikira funso lakelo zili mu ulosi wa boma ndi boma umene umafika kwa alangizi, wonena za nthawi yoyambira mvula ndi kutalika kwa ng'amba, komanso mu ulosi wa masiku asanu umene umawerengedwa pa wailesi.

Kwa mlimi wa fodya, ngakhale ulosi wa dzinja lonsewo umamupeza atayamba kale. Nazale amafesa mu Seputembala, kumwamba kulibe ndi kamtambo komwe, powerengera kuti mbande zidzakhale zokhwima pa tsiku limene palibe akulidziwa. Mvula ikafulumira, mbande zikadali zazing'ono. Ikachedwa, zimatalika n'kumafuna kumetedwa, chitsime cha kudambo chikutsika tsiku ndi tsiku. Ena amatopa kudikira n'kuyamba kuwokera ndi madzi a m'ndowa, kapu imodzi pa phando, m'mawa kusanatenthe, maso ali kumadzulo kumene kumachokera mitambo ya ku Zambia.